Za akulu anga ndinazimvera m'nyimbo

Tsiku limene ndinanyamuka kupita ku Joni, amene anandiperekeza ndi akulu anga a Yotamu. Anandikweza pa njinga yawo kuchokera ku Mlare mpaka ku Chilumba kokakwera sitima ya panyanja. Njingayo poigula inali yakuda, koma ine ndinaipaka utoto wobiriwira umene unatsala popenta zitseko za pasukulu pamene iwo ankaphunzitsa, moti m'dera lathu lonse njinga yotero inalipo imodzi yokha. M'banja mwathu wophunzira anali iwowo. Ine sukulu ndinalekera panjira. Bambo athu atamwalira tinatsala opanda ng'ombe zolimira munda wa mpunga, ndiye tinagwirizana kuti iwo atsale ndi amayi, ine ndikazifune kumigodi.

Padoko sanachulutse mawu. Anati, "Makalata ndizilemba ndine, mwezi ndi mwezi. Iwe uzikangoyankha, ngakhale mizere itatu."

Ndinati ndamva. Anandigwira paphewa, n'kutembenuza njinga sitima isananyamuke, poti m'mawa mwake anali ndi kalasi.

Za ulendo ndilibe zambiri. Sitima, kenaka basi, kenaka anatifoletsa tili maliseche kuti dokotala atione chifuwa ndi mano, kenaka ndege imene tonse tinasanziramo. Kumgodi anandipatsa chisoti, nyali, jombo ndi fosholo. Ntchito yanga inali yowola miyala imene anzathu aphulitsa n'kumaiponya m'ngolo. Tinkatsika ndi chikepe kukadali mdima, titathinana ngati nsomba m'dengu. Pansi pankatentha moti thukuta linkadzaza m'jombo, koma ukatuluka nthawi yozizira mphepo inkang'amba milomo. Kukomboni tinkagona pa mabedi a simenti osanjikizana, mbaula ya malasha ili pakati.

Chichewa ndikuyankhulachi sindinachiphunzire ku Malawi kuno ayi. Kwathu tinkayankhula Chitumbuka, kumsika Chinkhonde. Amene anandiphunzitsa ndi Filipo, munthu wa ku Dedza amene ankagona pamwamba panga. Ankandiseka katchulidwe, ine n'kumamuseka kuti sadziwa kudya nthochi zophika ndi nyama. Ndi iye amene anandionetsa poima denga likayamba kuthetheka, ndiponso ndi iye amene anandipititsa kwa Madala.

Lamulungu lililonse kunkakhala magule pabwalo lalikulu la mgodi. Mtundu uliwonse unkavina zakwawo, azungu ndi akazi awo ali pamthunzi ndi makamera. Ine ndinavinako kamodzi basi. Pamenepo nkhope ya munthu sunkaiona, unkangomva wezulo kuti nthawi yanu yatha, alowe ena. Filipo anati, "Izi n'za alendo. Tiye ukaone zathu."

Madala anali mkulu wina wa ku Mozambique amene mwendo wake unatsala pansi pa mgodi. M'malo momubweza kwawo anamupatsa kachipinda kuseri kwa khitchini kuti azisokeramo jombo. Kachipindako kanali ngati khitchini ya kumudzi, zenera limodzi, khoma lonse jombo zokhazokha. Lamulungu masana ankakankhira benchi yake kukhoma, anthu n'kumalowa mpaka chitseko kukanika kutseka. Tikachuluka tinkakwana makumi awiri. Ena pansi, ena pa zitini, ena atatsamira anzawo. Munkanunkha chikopa, guluu ndi fodya. Aliyense wodziwa kuimba ankaimba. Panali gitala imodzi, ya Madala yemweyo, imene nsambo yake imodzi inali waya wa mabuleki a njinga.

Kumva munthu akuimba pafupi chomwecho n'kosiyana ndi wailesi. Unkamva akukoka mpweya asanayambe mzere. Unkamva chala chikukhula pansambo. Akalakwitsa ankakuyang'ana n'kuseka, iwenso n'kuseka. Phazi lake likamaponda pansi, fumbi linkagwera pa buluku lako. Ndinaonapo munthu wamkulu wa ku Lesotho, amene pansi pa mgodi ankatukwana aliyense, akugwetsa misozi ndi nyimbo ya Chishangani imene sankamva ngakhale liwu limodzi. Panalibe womuseka, chifukwa m'menemo munalibe pobisala ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku lake lidzafika.

Makalata a akulu ankabwera monga analonjezera. Ankalemba zonse: mvula, mitengo ya nsomba, mwana wawo wachiwiri wayamba kuyenda, amayi akudandaula bondo. Zimene ndinkatumiza ankandiuza zagwira ntchito yanji. Ng'ombe yoyamba itagulidwa anandilembera tsamba lathunthu za mawanga ake.

Kenaka kunadutsa miyezi iwiri kuli zii. Kalata yotsatira inabwera ndi zilembo zina, zazikuluzikulu zopendama. Inali ya mlamu wanga, a Nyamsiska. Anati onse ali bwino, amayi akupereka moni, aphunzitsi asamutsidwa. Ndinayankha kufunsa kuti asamutsidwira sukulu iti, ndipo bwanji asiya banja. Yankho linabwera lonena za mpunga ndi za bondo la amayi. Za sukulu sanatchule. Ndinamuonetsa Filipo. Anawerenga kawiri, n'kundibwezera. Tonse tinkadziwa kuti makalata ochokera kunja ndi opita kunja ankatsegulidwa panjira, koma ine maganizo anga anapita kwina. Ndinkaganiza kuti mwina akulu apeza mkazi wina, mlamu akuchita manyazi kunena.

Nthawi imeneyo kunabwera gulu latsopano lochokera kumudzi. M'gululo munali a Gondwe a ku Uraha, bambo wamkulu kuposa ine, amene aka kanali kachitatu kubwera kumigodi. Ndinkawadziwa pang'ono, poti ankaimba m'maukwati kwathu. Ndinawapeza pamzere wa chakudya.

"Monire, adada," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe ndiwe mng'ono wa aphunzitsi."

"Ndine. Mwawasiya bwanji? Ndikumva asamutsidwa."

Kumbuyo kwathu kunali anthu, kutsogolo kunali anthu. A Gondwe anayang'ana mbale yawo. "Kumudzi kuli bwino. Mvula inagwa. Kodi kachipinda ka Madala kakadalipo?"

"Kalipo."

"Lamulungu ubwere msanga. Udzakhale kutsogolo."

Kuti mumvetse chimene sanandiuzire pomwepo, ndinene za munthu wina amene tinkamutchula kuti a Tayi. Anali kalaliki wa mu ofesi ya komboni, Mmalawi mnzathu wa kummwera, ndipo ngakhale Lamulungu ankamanga tayi. Ankakonda kukhala pamene Amalawi asonkhana. Sankamwa, sankakangana ndi munthu, ankangofunsa mafunso mwaulemu. Zoti ankatumiza mayina kumudzi palibe anazionapo ndi maso, koma anthu awiri amene anayankhulapo zandale iye ali pomwepo, tinamva kuti anakafikira m'manja mwa apolisi atangotsika ndege. Ndipo sitinkadziwa kuti ndani winanso amamuuza zinthu. M'chipinda chogona, pamzere wa chakudya, ngakhale kosamba, munthu unkayankhula ngati pali wachitatu.

Lamulungu ndinafika woyamba. Ndinakhala pa chitini patsogolo penipeni, a Gondwe pa benchi ya Madala, mawondo athu atagundana. Filipo anakhala pambali panga. Anthu atadzaza, a Tayi nawonso analowa. Wina anawapatsa malo pafupi ndi zenera.

A Gondwe anatenga gitala, n'kuikonza nsambo kwa nthawi ndithu, khutu lili pathabwa. Anayamba ndi nyimbo zoseketsa. Ina inali ya mpongozi amene anabwera kudzacheza masiku awiri n'kukhala mpaka kukolola. Ankaimba m'Chitumbuka n'kumaponyamo Chichewa ndi chilankhulo cha kumgodi kuti onse amveko. Anthu anaseka, Madala akumenya nyundo yake pa chidendene cha jombo motsatira nyimbo. A Tayi nawo ankamwetulira.

Kenaka anayamba ina, yothamanga, ya maimbidwe a paukwati. Anthu anayamba kuwomba m'manja. Iyi sanaikemo Chichewa ngakhale liwu limodzi, ndiponso Chitumbuka chake chinali chakuya, chosakaniza ndi Chinkhonde, chimene munthu wongophunzira sangatole. Maso awo anali pa ine.

Nyimboyo inkati njinga yobiriwira yabwera yokha kunyumba, anthu akuikankha, mwini wake palibe. Inkati choko chatsala m'thumba la malaya. Inkati galimoto yopanda mawindo inabwera nthawi yokolola mpunga n'kulowera kummwera, ndipo kumene inapita kulibe adiresi. Inkati mkazi alire chamumtima, ana asafunse, amayi akafunsidwa anene kuti mwana wasamutsidwa. Pobwereza inkati iwe uli kutali khala komweko, gwira fosholo, usathamange.

Mzere wa njinga utangotuluka ndinamva ngati chikepe chatsika mwadzidzidzi. Ndinafuna kuimirira. A Gondwe anakanikiza bondo lawo pa langa, mwamphamvu, osaleka kuimba. Ndinkaona thukuta likutsika m'mbali mwa mphuno yawo, ndi mtsempha wa pakhosi ukugunda. Mawu awo ananjenjemera pamalo amodzi, pa ana aja, n'kuwongokanso. Kupatula a Gondwe, m'chipindamo tinalimo anthu asanu akumpoto. Anzanga anayiwo manja awo anaima pang'ono, kenaka anapitiriza kuwomba, mokweza kuposa poyamba. Filipo sankamva mawuwo, koma ataona nkhope yanga anandigwira dzanja n'kuyamba kuliwombetsa pa lake, ngati tikusewera.

Nyimbo itatha anthu anakondwa, ena akuti ibwerezedwe. Ndipo a Tayi anayankhula ali pazenera paja.

"Yokoma kwambiri, bambo. Koma ife ena sitinamve. Ikuti chiyani?"

A Gondwe anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ndi ya munthu wina wa kwathu. Anapita kumowa pa njinga, njinga n'kubwera yokha."

Anthu anaseka. A Tayi sanaseke kwambiri. Anatembenukira kwa ine.

"Inu achimwene, ndinaona yakukhudzani. Mukumudziwa munthuyo?"

Chipinda chonse chinandiyang'ana. Ndinati, "Ndikumudziwa. Ndi chidakwa cha kwathu. Aliyense amamudziwa."

"Ndiye mukuoneka achisoni bwanji?"

"Ndakumbuka mowa wa kwathu," ndinatero, n'kuseka.

Ndinasekadi, mawu n'kumveka. A Tayi anagwedeza mutu, Madala anamenya nyundo, wina analandira gitala. Ndinakhala pa chitini chija mpaka nyimbo zonse zinatha, chifukwa kutuluka msanga kukanaonetsa. Akulu anga sanalawepo mowa chibadwire.

Zotsala a Gondwe anandiuza mawa lake pansi pa mgodi, podikirira chikepe, pamene makina opopa mphepo ankasokosera moti munthu ankachita kukuyankhulira m'khutu. Anati tsiku lina pamsika wa Mlare anyamata a chipani anabweza mayi wina amene ankapita kuchipatala ndi mwana wodwala, chifukwa analibe khadi la chipani. Akulu anali pomwepo. Ena mwa anyamatawo anawaphunzitsa okha. Anawatchula mayina mmodzimmodzi n'kuwauza kuti amusiye mayiyo adutse. Anamusiyadi. Patapita sabata anabwera anthu kusukulu kudzawatenga.

"Ali moyo?" ndinafunsa.

"Pamene ndinkanyamuka, ankati ali moyo."

"Ndikupita."

"Ukatani? Dzina lako ndi lawo ndi limodzi. Ukangotsika ndege akakufunsa chimene wathawira ntchito. Amayi ako akhala ndi ana awiri m'ndende, ndipo ana a aphunzitsi adya chiyani? Mlamu wako ndi amene anandituma. Anabwera kwathu ku Uraha wapansi. Anati ndikuuze, koma ndisakuuze pamene pali khutu."

"Ndiye munasankha pamene panali a Tayi?"

"Ndikanakutengera pambali, tsiku lomwelo zikanamveka kuti wobwera kumene wanong'oneza mng'ono wa aphunzitsi. Nyimbo aliyense anaimva. Palibe anganene kuti tinabisa kanthu."

Sabata imeneyo ndinagwira ntchito ngati munthu wogona. Tsiku lina ndinaima pansi pa mwala umene unkathetheka, osamva. Filipo anandikoka ndi lamba, mwala n'kugwa pamene ndinaima. Titatuluka anandikhazika pansi. Ndinamuuza zonse, ngakhale a Gondwe anandiletsa. Anati, "Kwathunso ziliko. Malume anga anapita chomwecho. Ukafuna kufa ukafere kwanu, kuno ayi. Ine sindinyamula mtembo wa Mtumbuka." Kuyambira pamenepo zopita kwa mlamu zinkadzera kwa mkazi wa Filipo ku Dedza, iye n'kumazitumiza kumpoto ngati zochokera kwa mnzake wa kumpingo.

Kontalakiti itatha ndinasainanso ina osapita kumudzi. Kwa Madala sindinaleke kupita. Ndinkakhala pa chitini chomwe chija. Nyimbo ya njinga anthu anaikonda, ankaipempha, ndipo a Gondwe ankaimba, koma anaisintha mawu n'kukhaladi ya chidakwa. Amene sankamva Chitumbuka sanazindikire kusiyana kwake. Nthawi zina akamaimba nyimbo ina iliyonse ankandiyang'ana pang'ono n'kugwedeza mutu, basi. Chaka chotsatira anayamba kutsokomola. Mawu anayamba kuthera panjira, ankaima pakati pa mzere kuti apume, ife n'kumawadikira gitala ikulira yokha. Anawabweza kumudzi chifukwa cha chifuwa. Lamulungu lawo lomaliza sanaimbe, anangoliza nsambo, anthu n'kumaimba okha.

Pamene ndinabwerera, ndinatsikira pa Chilumba pomwe paja ndi sutukesi ndi mabulangete. Panalibe wondichingamira, poti sindinalembe tsiku. Amayi ndinawapeza akuyendera ndodo. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, osalira. Mlamu anali atakalamba kuposa zaka zake. Anatulutsidwa m'nyumba ya sukulu, ankakhala ndi amayi, ndipo ankagulitsa mpunga pamsika umene uja. Ana a akulu anandipatsa moni atagwada ngati mlendo. Achibale ena amene kale sankachoka pakhomo pathu anali atasiya kubwera. Msuweni wathu wina anandiona pamsewu n'kulowa m'sitolo. Ng'ombe zinalipo ziwiri, zonenepa bwino. A Gondwe ndinapeza anaikidwa kale. Ndinapita ku Uraha kukapepesa, mkazi wawo n'kundionetsa manda.

Akulu anawatulutsa patapita chaka china ndi miyezi. Anangofika masana ena pa lole ya thonje, atavala malaya a munthu wina. Mano akutsogolo kunalibe. Miyendo inali yotupa. Ntchito ya uphunzitsi sanawabwezere. Ankadzuka m'mawa, kukhala pakhonde, kuyankha moni, osapitirira apo. Munthu akabwera kudzawaona ankalowa m'nyumba. Akamadya ankatchinga mbale ndi mkono. Za kumene anali sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo, ndipo ife sitinafunse. Chimene ankavomera n'kupita nane kumunda. Iwo ankatsogolera ng'ombe, ine ndili pa pulawo.

Zimene ndinayankha a Tayi zinkandilemera zaka zonsezo. Tsiku lina tikulima, dzuwa litakwera, tinamasula ng'ombe kuti zipume, ife n'kukhala pamzere. Panalibe munthu pafupi. Ndinawauza za kachipinda ka Madala, za a Gondwe, za bondo lija, za funso la a Tayi. Ndinati, "Akulu, ine ndinakutchulani chidakwa pamaso pa anthu. Ndinasekanso."

Anakhala akuyang'ana pansi, akuphwanya chibuma ndi chala.

"Anakhulupirira?"

"Anakhulupirira."

"Ndiye unayankha bwino."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma patapita kanthawi anati, "Taimba."

"Ine sinditha kuimba."

"Imba momwemo."

Ndinaimba, motsitsa, ndi mawu anga oipawa, ndikumenya chikhatho pa bondo. Mawu onse ndinkawakumbukira. Iwo anamvetsera maso ali kumapiri. Nditafika pa galimoto yopanda mawindo anakweza dzanja.

"Apo Gondwe analakwitsa. Galimoto inayambira ku Boma kupita kummwera. Kuchoka pasukulu anandiyendetsa wapansi, manja ali kumbuyo, kudutsa pamsika. Ankafuna anthu aone."

"Anthu anatani?"

"Anayang'ana kumbali. Koma mayi uja wa mwana anabwera ndi madzi m'chikho. Anamukankha, madzi n'kutayika. Anakatunganso ena."

Anayamba pamenepo. Anafotokoza za ku Boma, za ulendo wa kummwera, za chipinda chimene ankagona mosinthana chifukwa chothinana, za mnzawo amene ankawaphunzitsa masamu polemba pansi ndi chala. Ankayankhula pang'onopang'ono, mawu akutuluka mopepera chifukwa cha mano aja. Ine sindinawadule. Dzuwa linafika pamutu n'kupendeka. Ng'ombe zinachoka pamene tinazisiya n'kulowa m'munda wa chinangwa wa eni ake, ndipo tonse awiri tinkaziona, koma panalibe amene anadzuka.